Lipoti: shedi ya malemu mmisiri wa makina oswera nshawa ndi ntchito yopulumutsa zimene anasiya

Chiyambi cha nkhani

Ntchito yanga ndi kulangiza amisiri ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono m'boma la Chipata ndi maboma oyandikana nalo: owotcherera zitsulo, akalipentala, okonza njinga, komanso magulu a alimi amene amagulitsa zokolola pamodzi. Nkhani ino inabwera ndi mlembi wa kooparetivu ina ya pamsika wa m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza. Wapampando wawo wakale anali atamwalira, ndipo pakhomo la shedi ya malemuwo yowotchereramo zitsulo panali maloko awiri. Loyamba anaika ndi ana a malemu, lachiwiri anaika ndi mwana wa mlongo wa malemuwo. Aliyense anali ndi kiyi wa loko lake, choncho panalibe amene akanalowa.

Ndinapemphedwa zinthu ziwiri. Banja linkafuna mbiri ya malemu yolembedwa bwino kuti idzawerengedwe pa tsiku lovundukula chiliza. Akooparetivu ankafuna kuti makina awo oswera nshawa, amene malemu anapanga ndipo ankawakonza okha, akhale ali bwino nyengo yogulitsa isanafike. Mayina sinditchula, chifukwa banja linavomera kuti nkhaniyi imveke koma popanda kuloza munthu.

Moyo wawo monga tinaulondolera

Malemu anabadwa Chipata akadali Fort Jameson, ufulu wa 1964 usanabwere. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi kumata machubu ndi kuwongola masipoko pansi pa mtengo, ndipo ntchito sinkasowa, pakuti kuno njinga ndiyo inali galimoto ya aliyense, makamaka pomwe fakitale ya Luangwa Industries inkatulutsa njinga za Eagle m'tauni momwemo. Kuwotcherera anaphunzira atakula kale. Atagula makina awoawo anayamba mafelemu a zitseko, mbaula ndi ngolo zimene ankamangira pa ma ekiselo a galimoto zakufa. Ngolo zawo zina zikuyendabe mpaka lero.

Makina oswera nshawa anabwera chifukwa cha kusintha kwa msika. Kale mlimi ankadziwa kumene akagulitse. Koma bungwe la boma logula zokolola la NAMBOARD linathetsedwa mu 1989, ndipo boma litasintha mu 1991 malonda a zokolola anasiyidwa m'manja mwa aliyense amene ali ndi sikelo ndi ndalama. Ogula anayamba kulowa m'midzi kufuna nshawa zoswa kale, pomwepo, lero lomwe. Ntchito yoswa inagwera amayi ndi ana, usiku pa mphasa, zala mpaka kutupa. Kuti makoko afewe, ambiri ankawaza madzi pa nshawa madzulo n'kuziphimba. Apa ndi pamene pali ngozi imene alangizi a zaulimi amalalikira chaka ndi chaka: chinyezi chimaitana chuku, ndipo chuku cha mtundu wa Aspergillus chimasiya poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo sachoka ngakhale mukazinge kapena musinje.

Amayi a kunyumba, amene tsopano ndi amasiye, anatiuza kuti malemu sanayambe ndi maganizo a poizoni ayi. Anayamba chifukwa iwo anawauza tsiku lina kuti ngati akufuna ndalama ya nshawa, akhale nawo pa mphasa aswe. Malemu anakhala usiku umodzi, m'mawa mwake n'kupita kukadula diramu pakati. Mfundo imeneyi sinali m'mbiri imene ana anali atayamba kulemba, ndipo ndinaumirira kuti ilowe.

Makinawo

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mtundu wa makina amenewa malemu sanauyambitse. Makina opukusa ndi dzanja, okhala ndi sefa yokhota pansi ndi mkono woyenda uku ndi uku, alipo m'maiko ambiri olima nshawa. Mumathira nshawa m'theka la diramu, mumakankha mkono kutsogolo ndi kumbuyo, timitanda ta kunsonga kwa mkono timakhuza makoko pa sefa, ndipo njere ndi makoko osweka zimagwera pansi kuti mukapete ndi lichero. Zimenezi aliyense wodziwa kuwotcherera angaone n'kutengera.

Luso lawo linali pa zinthu zitatu zimene diso silithamangira. Choyamba, sefa yawo inali yochotseka, yomangidwa ndi mabawuti, ndipo ankapanga zingapo za mabowo osiyana. Chalimbana, mtundu wina wa nshawa, ali ndi njere zazikulu. Mukamuika pa sefa ya mabowo aang'ono amagawika pakati, ndipo ogula amatsitsa mtengo. Nshawa zing'onozing'ono za mtundu wa Natal Common mukaziika pa sefa ya Chalimbana zimadutsa ndi makoko omwe. Mitundu imene inatuluka ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera, monga MGV4, itafala, malemu anaboola sefa ina yapakati. Chachiwiri, timitanda tawo ankatikutira ndi mphira wodula ku tayala lakale, kuti tisamenye njere koma tizikhuza. Chachitatu, chimene chinativutitsa kwambiri, ndi mpata wa pakati pa timitanda ndi sefa. Ukachepa pang'ono njere zimasweka ndi kusupuka khungu, ukakula makoko amangogubuduka osasweka, munthu n'kumatuluka thukuta pachabe.

Mpata umenewu sanaulembe paliponse. Tepi yoyezera anali nayo koma ankaigwiritsa ntchito pa mafelemu okha.

Si zonse zimene anayesa zinatheka. Kuseri kwa shedi tinapeza makina oswera opalasa ngati njinga, amene ophunzira awo anati ankathamanga kwambiri moti theka la nshawa linkatuluka ngati nsinjiro. Panalinso pampu ya kudimba imene sinakokepo madzi. Malemu sankataya zolephera zawo, ndipo kwa ine zimenezi zinandiuza zambiri za mutu wawo kuposa zimene zinagulidwa.

Utsogoleri wawo, ndi mbali imene anthu ankanong'ona

Anakhala wapampando wa kooparetivu kwa nthawi yaitali, anali mkulu wa mpingo wa Reformed Church in Zambia, ndipo mjigo ukafa m'midzi yozungulira anthu sankadikira a kuboma, ankatuma mwana kushedi. Pa maliro ngolo yawo inkanyamula nkhuni ndi bokosi popanda kulipiritsa. Pa milandu ya malire a minda a mfumu ankawaitana kuti akhale pambali pawo.

Koma pofunsa anthu payekhapayekha panatulukanso zina. Anyamata amene anaphunzira m'manja mwawo ankagwira zaka popanda malipiro okhazikika, amangopatsidwa ya sopo ntchito ikayenda. Anali aukali pa shedi, ndipo akafika poika mpata uja ankatuma ophunzira onse kukatunga madzi kapena kukagula ndodo zowotcherera. Pa kooparetivu sankakonda masankho. Ndalama za gulu ndi za shedi nthawi zina zinkagona m'thumba limodzi, osati mwa kuba, koma chifukwa kwa iwo zonse zinali zawo zoyang'anira. Ine ndimaona kuti mbiri ya munthu wotere ikakhala ya matamando okhaokha, otsala saphunzirapo kanthu, ndipo vuto lenileni limene tinali nalo pakhomo la shedi linachokera ku makhalidwe omwewa.

Mkangano wa maloko awiri

Malemu sanasiye wilo. Mwana wa mlongo wawo, amene anakulira pa shedi ndipo amadziwa kuwotcherera, ankati mwa Chichewa wolowa m'malo mwa atsibweni ndi iye, ndipo akuluakulu a mbumba anali kumbuyo kwake. Ana, amene ambiri ali ku Lusaka ndipo palibe wogwira chitsulo, ankati lamulo lili kumbali yawo.

Onse anali ndi mbali ya choonadi. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira wopanda wilo, magawo 20 pa 100 a chuma apite kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo ndi 10 kwa amene ankadalira malemu. Nyumba imakhala ya ana ndi wamasiye, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Mwana wa mlongo, pokhala munthu wamkulu wodzidalira, alibe gawo mmenemo. Komabe lamulo lomweli silikhudza malo a mfumu. Shedi inamangidwa pa malo amene a mfumu anapereka kalekale ku mbumba ya amayi ake a malemu, opanda pepala la umwini. Ndiye kuti makina owotcherera, chobooolera, jenereta ndi zitsulo zinali za ana ndi amayi awo, pomwe dothi limene zinakhalapo linali nkhani ya a mfumu ndi mbumba.

Nditafotokoza zimenezi pa bwalo, mbali zonse zinakwiya mofanana, ndipo ndinaona kuti tayamba kuyenda. Mwana wamkulu ananena kuti abweretsa lole adzanyamule zonse akagulitse ku tauni. Mwana wa mlongo anati anyamule, iye atsala ndi denga. Amene anathetsa phokoso ndi amayi amasiye. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Iwe, zitsulo zimenezo ukagulitsa udya mwezi umodzi. Ine nshawa zanga aziswa ndani?" Kenaka kwa mwana wa mlamu wawo anati, "Nanunso bambo, denga lopanda makina mudzawotcherera ndi chiyani?"

Tinagwirizana kuti banja lisankhe anthu awiri, mmodzi wa kwa ana ndi mmodzi wa ku mbumba, akalembetse ku Local Court ngati oyang'anira chuma cha masiye. Ndinawakumbutsa, monga ndimachitira nthawi zonse, kuti woyang'anira si wolowa chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kulipira ngongole ndi kugawa. Anthu ambiri kuno akalandira kalata ya kukhoti amayesa apatsidwa zonse.

Kabuku ka ngongole

Maloko atatsegulidwa pamaso pa a mfumu, tinalemba chilichonse chimene chinali mkati. M'bokosi la zida munali makope a sukulu odzaza ndi mayina a anthu amene anatenga ngolo, makina kapena mafelemu pa ngongole. Mmodzi wa ana ataphatikiza manambala anadumpha, akuti bambo awo anthu anawadyera mamiliyoni. Ndinamupempha kuti ayang'ane zaka. Ngongole zambiri zinali za kale 2013 isanafike, ndipo pa 1 January chaka chimenecho kwacha inachotsedwa maziro atatu, K1,000 yakale n'kukhala K1. Mamiliyoni aja anasanduka ndalama yoti simungagule nayo ngakhale ng'ombe ziwiri. Komanso ambiri mwa olembedwawo anali atamwalira, ena anali atalipira ndi matumba a chimanga kapena mbuzi, malemu osafufuta dzina.

Ngongole yeniyeni inali yoyang'ana kwina. Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima nthawi yaitali tsiku lililonse. Wowotcherera wopanda magetsi ndi mlova. Malemu anatenga jenereta pa ngongole kwa wamalonda wina wa m'tauni, koma alimi nawonso analibe chokolola choti agulire makina, ndiye kubweza kunkayenda mwa apo ndi apo. Dzina la shedi linali lolembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, ndipo ana ankaganiza kuti ngongoleyo ndi ya kampani, iwo siikuwakhudza. Kulembetsa dzina la bizinesi sikupanga kampani. Pamaso pa lamulo bizinesi yotere ndi mwini wake ndi munthu mmodzi, ndipo ngongole zake zimalipidwa kuchokera ku chuma chimene wasiya chisanagawidwe. Wamalondayo anavomera kudikira mpaka nyengo yogulitsa, zimene zinangotheka chifukwa anali atamva kuti shedi itsegulidwanso.

Nkhani ya patenti

Mwana wina, wophunzira bwino, ankafuna kuti makina a bambo ake alembetsedwe patenti kuti aliyense wotengera azilipira banja. Maganizowo anachokera pa chikondi, koma ndinamuuza kuti asataye ndalama. Patenti, imene kuno imaperekedwa ndi PACRA motsatira lamulo la 2016, imafuna kuti chinthu chikhale chatsopano, chosadziwika kwa anthu tsiku lolembetsa lisanafike. Makina amene agulitsidwa poyera kwa zaka zambiri, ndipo ena ali kale kutsidya kwa malire a Mwami, ku Mchinji, sangakhale atsopano. Ngakhale akanapatsidwa, ndani akanayenda m'misika ya ku Katete, Petauke ndi Lundazi kugwira owotcherera mmodzimmodzi? Chimene banja linali nacho chenicheni ndi mbiri yabwino: alimi ankadziwa kuti makina a pa shedi imeneyi saswa njere. Mbiri imeneyo ikanatha m'nyengo imodzi ngati makina otsatira akanatuluka olakwika.

Kufufuza mpata

Apa ndi pamene panapita nthawi yambiri. Tinaitana mwana wa mlongo uja ndi wophunzira wina wakale amene tsopano ali ndi kashedi kake ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Aliyense anali wotsimikiza kuti mpata amaudziwa, ndipo manambala awo sanafanane. Tinayesa kuyeza makina akale a kooparetivu, koma mphira unali utadyeka ndipo masefa ena anali atapindika, ndiye muyeso uliwonse unkatuluka wakewake.

Pa mulu wa zitsulo zimene ana anali atapatula kuti akagulitse kwa ogula sikirapu panali waya wopindidwa, wolowetsedwa tizitsulo tafulati tingapo tosiyana makulidwe, tonyezimira chifukwa cha kugwiridwa. Palibe amene ankadziwa ntchito yake kupatula amayi amasiye, amene anati kawayako kankagona m'thumba la jekete la malemu, ndipo kamodzi anakachapira limodzi n'kukalipiridwa tsiku lonse. Kachitsulo kalikonse kanali ndi timizere tocheka ndi sowo, ndipo timizere tomweto tinatipeza m'mphepete mwa masefa. Malemu ankalowetsa kachitsulo koyenera pakati pa mtanda ndi sefa, n'kumanga bawuti mpaka kagwire. Pa mulu womwewo panalinso mbale zachitsulo zoboola kale zimene ankaika pamwamba pa lata poboola sefa yatsopano. Lole ija ikanabwera, zonsezi zikanapita pa sikelo.

Tinayeza tizitsulo tonse ndi choyezera cha vernier chimene tinabwereka kwa mphunzitsi wa ntchito zamanja, tinajambula makina onse mbali ndi mbali, ndipo amisiri awiri aja anamanga makina amodzi atsopano potsatira pepala lokha. Oweruza anali amayi a kooparetivu. Anabweretsa meda ya Chalimbana ndi ya MGV4, zouma bwino zolira m'makoko mukazigwedeza, anaswa, anapeta, n'kusankha zosweka pa lichero. Ulendo woyamba anakana, akuti zikusupuka. Vuto linapezeka kuti linali mphira: anyamata anadula ku tayala la lole, lolimba, pomwe malemu ankadula m'mbali mwa tayala la galimoto yaing'ono. Zimenezinso tinalemba. Atasintha, amayi anavomera, ngakhale anachenjeza kuti mbewu yodzala adzaswabe ndi manja monga kale, chifukwa njere ikangolandira kabala kosaoneka simera bwino. Malemu nawonso ankawauza chimodzimodzi.

Amayi omwewo ananena mfundo ina imene ndikuilemba kuti anzanga a ntchito ngati yanga aiganizire. Kuyambira pamene makina anapeputsa ntchito yoswa, abambo ambiri anayamba kulowerera pa nshawa, mbewu imene kale inali ya amayi, ndipo ndalama yake siifikanso yonse m'manja mwa amene analima. Anapempha kuti makina a kooparetivu azisungidwa ndi komiti ya amayi ndipo ndalama yobwereketsa izilembedwa ndi iwo. Komiti yaikulu inavomera monyinyirika.

Chimene tinagwirizana, ndi tsiku la chiliza

Zida zinakhalabe za amayi amasiye ndi ana. Mwana wa mlongo akugwiritsa ntchito shedi ndi zidazo pa pangano lolembedwa, losainidwa pamaso pa a mfumu: pa makina alionse ogulitsidwa, gawo limapita kukabweza jenereta, ndipo ngongole ikadzatha gawolo lizidzapita kwa amayi. Ophunzira atsopano azilembedwa ndi kuuzidwa malipiro awo asanayambe. Zojambula tinazichita makope atatu, ena kubanja, ena kukooparetivu, ena kwa wophunzira wa ku Kapata. Mwana wa mlongo sanakondwere ndi kope lachitatulo, poti likumupangira mpikisano, koma ndinamuuza kuti ndaona kale zimene zimachitika muyeso ukakhala m'thumba la munthu mmodzi.

Pa tsiku lovundukula chiliza, abusa atatha mapemphero, mbiri inawerengedwa ndi mdzukulu. Munali njinga, ngolo, usiku wa pa mphasa, mijigo, pampu yosakoka madzi, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti anali munthu wovuta kumugwirira ntchito. Ana ankafuna chiganizo chimenecho chichoke. Amayi awo anati chikhale. Chitawerengedwa, ophunzira akale amene anaima kumbuyo anaseka, ndipo ena a m'banja anaseka nawo.

Zotsala

Ngongole ya jenereta sinathe. Malo a shedi akadali opanda pepala, ndipo ndalangiza mbumba kuti ipemphe kalata kwa a mfumu yofotokoza amene akugwiritsa ntchito malowo, nkhani isadzabukenso amayi akadzachoka. Kooparetivu inachita masankho ake oyamba patapita zaka zambiri, koma mabuku ake a ndalama akufunika munthu wowaunika, chifukwa malire a ndalama za gulu ndi za shedi sanapezeke onse. Pa tizitsulo ta pa waya paja pali kamodzi kopyapyala kwambiri kamene sikagwirizana ndi sefa iliyonse imene tinapeza. Wa ku Kapata akuganiza kuti malemu ankayesa sefa ya nyemba za soya, ndipo wapempha kuti akayese yekha zokolola zikalowa.